Nyimbo ya ndime ziwiri ikutitengera mphindi 9, tikulakwitsa pati?

Kwayamasitala wa ku Balaka:
Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndabwera ndi vuto, mundigawireko nzeru. Tili ndi mpikisano wa makwaya kumapeto a mwezi uno, ndipo pali nyimbo imodzi imene kwaya iliyonse iyenera kuyimba. Anatipatsa mapepala awiri, lina la staff (manotsi olembedwa pa mizere isanu), lina la sol-fa lolemba pamanja n'kulifotokopa. Ife timawerenga sol-fa, ndiye la staff lija lili m'chikwama chikhalire. Pamwamba pa pepala la sol-fa analembapo 60. Ndinatsitsa metronome (pulogalamu yogunda nthawi ya nyimbo) pa foni, ndinaika pa 60, tikuyimba motsatira. Koma nyimbo ya ndime ziwiri zokha ikutitengera mphindi 9 ndi theka, pamene malamulo akuti isapitirire mphindi 5. Asopulano mpweya ukuwathera mzere usanafike pakati, mpaka akupumira pakati pa liwu. Mnyamata wa kiyibodi waika sitayilo ya Waltz, wa ng'oma akuti nyimboyi sikulowa m'manja mwake. Mawu ake ndi achikondwerero koma ikumveka yachisoni. Mzere woyamba wa sopulano uli chonchi:

:s1 | d :- :d | m :r :d | r :- :- | s1 :- :s1 |

Kodi tidule ndime imodzi?

Wa kiyibodi, Ndirande:
Amayi musadule kanthu, angakuchotsereni mamalikisi. Ingokwezani tempo basi. Ikani pa 120 muone.

Wa malipenga, Lilongwe:
Achimwene musathamange, 120 mwaitenga kuti? Amayi, tulutsani pepala la staff lija m'chikwamamo. Ngakhale simuliwerenga, mundiuze zinthu zitatu. Koyambirira kwa mzere woyamba kuli nambala ziwiri zosanjikizana, ndi ziti? Pamwamba pamene alemba 60, notsi imene ili pafupi ndi nambalayo ikuoneka bwanji? Kenako muwerenge ma bar, zigawo za pakati pa mizere yoimirira, pa mapepala onse awiri.

Kwayamasitala wa ku Balaka:
Pamwamba 6, pansi 8. Notsiyo ndi ya mutu wakuda, ili ndi ndodo, ilibe kamchira, koma pambali pake pali kadontho, kenako = 60. Ma bar pa staff alipo 48, pa sol-fa 96. Kodi pa staff anadumpha ena?

Wa malipenga, Lilongwe:
Palibe chimene anadumpha. Vuto lapezeka pomwepo. Bar imodzi ya pa staff aidula pawiri pa pepala lanu la sol-fa, n'chifukwa chake 48 yasanduka 96. Inu mukuona timagawo titatu pakati pa mizere iwiri, mukuti ndi nyimbo ya 3/4, ndipo kagawo kalikonse mukukapatsa kugunda kwakekwake pa metronome. Koma 60 ija si ya kagawo kamodzi. Ndi ya notsi ya kadontho ija, dotted crotchet, ndipo m'kati mwake muli ma quaver atatu, timagawo titatu tija. Metronome ikati thi, muyenera kutha d :- :d yonseyo isanagundenso. Panopa nthawi imene wopeka anaipatsa manotsi atatu inu mukuipatsa imodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. 60 pa mphindi ndi kugunda kamodzi pa sekondi. Ma bar 48, iliyonse ya ma quaver 6, ndi ma quaver 288. Mukapatsa quaver iliyonse sekondi yake, ndime imodzi ikutenga masekondi 288, omwe ndi mphindi 4 ndi masekondi 48. Ndime ziwiri, mphindi 9 ndi masekondi 36. Si zimene wotchi yanu ikunena? Tsopano mmene ziyenera kukhalira: bar iliyonse ili ndi mabiti awiri okha, kugunda kuwiri kwa metronome, ndiye ma bar 48 ndi masekondi 96. Ndime ziwiri, mphindi 3 ndi masekondi 12. Mudzatsala ndi nthawi yoweramira majaji.

Asopulano anuwo musawadzudzule. Mzere wa ma bar anayi wopeka anaulembera masekondi 8, inu mukuwapempha 24 ndi mpweya umodzi, ali chiyimbire mokweza. Ndani angathe?

120 ya achimwene ikanakufikitsani pa mphindi 4 ndi masekondi 48. Mukanalowa mu nthawi, koma nyimbo ikanakhalabe yokwawa.

Wa kiyibodi, Ndirande:
Eee, ndagwira. Ndiye kuti ngati quaver iliyonse ikugunda, nambala yake ndi 180. Aike pamenepo?

Wa malipenga, Lilongwe:
Masamu mwakhoza, 60 katatu ndi 180. Koma pa pulakatisi asaike pamenepo. Metronome ikamagunda pa quaver iliyonse, oyimba amamenya notsi iliyonse ndi mphamvu yofanana, nyimbo imasiya kuyendera. Ikhale pa 60 pomwepo, iwo aphunzire kulonga timanotsi titatu pakati pa kugunda kuwiri.

Aphunzitsi opuma, Nkhoma:
Ndakhala ndikuwerenga ndili phee, koma apa ndilowepo chifukwa anthu angayambe kunena kuti sol-fa ndi yosakwanira. Sol-fa ilibe mlandu pa nkhaniyi. Wokopera ndiye anataya chizindikiro chimodzi.

Mu sol-fa muli zizindikiro zitatu zosonyeza mphamvu ya pulse, kagawo kamodzi kaja ka mu bar. Mzere wautali umati pulse yotsatirayo ndi yamphamvu kwambiri, ndipo ndi pamene bar ikuyambira. Madontho awiri amati pulse yotsatirayo ndi yofooka. Chachitatu ndi kamzere kakafupi, kamene kamati pulse yotsatirayo ili ndi mphamvu yapakatikati. Mu bar ya ma pulse anayi kamakhala pa wachitatu. Mu bar ya ma pulse 6 kamakhala pa wachinayi: wamphamvu, wofooka, wofooka, wapakati, wofooka, wofooka. M'mabuku a nyimbo osindikizidwa mukayang'anitsitsa mudzakaona, kamalekezera pakati, sikafika pamene mzere wa bar umafika. Munthu akamakopera pamanja mothamanga, mizere yonse amaikoka yofanana. Fotokope ikabwera imangochulukitsa cholakwacho.

Poti pa foni kamzere kakafupiko palibe, tiyeni tizigwiritsa ntchito / m'malo mwake. Mzere wanu, mwana wanga, uyenera kuoneka chonchi:

:s1 | d :- :d / m :r :d | r :- :- / s1 :- :s1 |

Tengani cholembera chofiira, mukhale pansi ndi mapepala a kwaya yonse. Kuyambira pa mzere umene uli pakati pa s1 ndi d woyambayo, mzere woyamba muusiye, wachiwiri muusinthe, wachitatu muusiye, chomwecho mpaka kumapeto. Mukamaliza muwerengenso, atsale 48.

Sol-fa imeneyi anaikonza ndi mbusa wa ku England, John Curwen, cha m'ma 1840, atatengera njira ya mayi wina wa ku Norwich, Sarah Glover. Kuno inafika ndi amishoni, ndipo a ku Scotland amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 ankachokera kumene inali itazika mizu m'matchalitchi ndi m'masukulu. Ubwino wake unali woti imasindikizidwa ndi zilembo wamba, osafuna makina apadera a nyimbo. Koma chifukwa cha chomwecho, kadontho kamodzi kapena kamzere kamodzi kakasowa, nyimbo yasintha. Ndakondwa kuti soh wapansi mwamulemba s1. Ana ambiri pa WhatsApp akumalemba s ndi chizindikiro cha koma (,), osadziwa kuti koma mu sol-fa ili ndi ntchito yake, imagawa pulse panayi.

Mphunzitsi wa Expressive Arts, Mchinji:
Zikomo Aphunzitsi. Koma ine mwandisokoneza mutu, akuluakulu. M'kalasi ndimalemba pa bolodi kuti semibreve mabiti 4, minim 2, crotchet 1, quaver theka, semiquaver kota. Ana amaloweza, pa mayeso amakhoza. Lero mukuti biti imodzi ndi crotchet ya kadontho. Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuwanamiza?

Wa malipenga, Lilongwe:
Simukuwanamiza, Madamu, koma mukuwauza za 2/4, 3/4 ndi 4/4 zokha osawauza kuti ndi za pamenepo pokha. Chimene sichisintha ndi ubale wa manotsiwo. Semibreve ndi ma minim awiri, minim ndi ma crotchet awiri, crotchet ndi ma quaver awiri, quaver ndi ma semiquaver awiri. Kadontho kamawonjezera theka la notsi imene kaikidwapo. Izi zili chomwecho mu nyimbo iliyonse. Chimene chimasintha ndi notsi imene yapatsidwa udindo wokhala biti. Tsegulani mabuku akale a nyimbo za m'tchalitchi a staff, mupeza masamba odzaza manotsi a mitu yoyera, 2/2, 3/2, 4/2. Pamenepo biti ndi minim. Munthu amene analoweza kuti minim ndi mabiti awiri amaiyimba nyimbo yotereyi mokoka mpaka mpingo kugona, chonsecho wopeka sanafune zimenezo. Notsi payokha ilibe masekondi.

Mphunzitsi wa Expressive Arts, Mchinji:
Ndamva, koma mwana wa Sitandade 5 simungamuyambe ndi zonsezo tsiku limodzi. Penapake ayenera kuyambira.

Wa malipenga, Lilongwe:
Ayambire pomwepo, sindikukana. Mungowonjezera mawu ochepa pamwamba pa bolodi: pansi pakakhala 4. Ku bandi timalandira anyamata ochokera ku sukulu ali ndi tebulo limeneli m'mutu, tikawapatsa march ya 6/8 amaomba ngati mabiti ndi 6, ena onse ali kale pa bar yachitatu.

Wa studio, Johannesburg:
Ndiwonjezereko pang'ono, mwina zithandiza Madamu. Ambiri amene tinaphunzirira pa YouTube ndi pa mapulogalamu a pa kompyuta tinazolowera mayina a ku America: whole note, half note, quarter note, eighth note, sixteenth note. Ndi manotsi omwewo, semibreve mpaka semiquaver. Mayina amenewa amaulula chimene nambala yapansi ija ikunena: 2 ndi minim, 4 ndi crotchet, 8 ndi quaver. Ndiye 6/8 ikungonena kuti mu bar muli ma quaver 6. Sikunena kuti mabiti alipo 6.

Funso n'lakuti, ngati mabiti ali awiri, bwanji osangolemba 2 pamwamba? Chifukwa pansi mukanalemba chiyani? Manotsi onsewa anawapanga pogawa pawiri, pawiri, pawiri. Mugawe chotani, simudzapeza 3. Biti imene imagawika patatu ilibe notsi yakeyake yopanda kadontho, ilibenso nambala yoti iikidwe pansipo. Ndiye olemba anazemba, m'malo molemba mabiti amalemba timagawo ta mabitiwo. Mukaona 6, 9 kapena 12 pamwamba, gawani ndi 3, mupeza mabiti enieni: 6/8 awiri, 9/8 atatu, 12/8 anayi.

Njira ina yozembera ndi triplet, kaja ka 3 kamene amalemba pamwamba pa manotsi atatu mu 2/4 kapena 4/4. Nyimbo ya Amayiyi ikanatha kulembedwa 2/4 ndi ma triplet kuyambira koyamba mpaka kumapeto, khutu silikanasiyanitsa. Kungoti pepala likanada ndi tima 3.

Kwayamasitala wa ku Balaka:
Koma 3/4 nayo si ma quaver 6 mu bar? Ndiye mnyamata wanga wa Waltz uja analakwa chiyani?

Wa studio, Johannesburg:
Ndi 6 ndithu, koma kamangidwe kake n'kosiyana. 3/4 imawamanga awiriawiri: 1 2, 3 4, 5 6, mphamvu pa 1, 3 ndi 5. 6/8 imawamanga atatuatatu: 1 2 3, 4 5 6, mphamvu pa 1 ndi 4. Pa staff mumaona ndi maso, ma quaver amawalumikiza ndi mzere wonenepa m'magulu a awiri kapena a atatu. Komanso mnyamata wanuyo sanaike ma quaver 6 mu bar ya Waltz, anaikamo atatu a theka la bar, aliyense n'kumusandutsa crotchet. Analondola pepala limene anapatsidwa.

Wa kiyibodi, Ndirande:
Mumuuze achoke pa Waltz, afufuze sitayilo yolembedwa 6/8, pa Yamaha zilipo. Akaipeza asangodalira nambala ya pa sikirini. Ayang'ane wotchi, besi ya sitayiloyo izigunda kamodzi pa sekondi. Koma ine pa mpikisano sindingayatse sitayilo n'komwe. Kwaya ikathamanga pang'ono makina sadikira, ndiye majaji amamva kukokana. Aziyimba ndi manja, lamanzere pa 1 ndi pa 4.

Aphunzitsi opuma, Nkhoma:
Ndisiyane pang'ono ndi mwana wa ku Johannesburg. Si 6/8 iliyonse imene imamenyedwa kawiri. Zilipo nyimbo zodekha zimene wotsogolera amamenya ka 6, ndipo wopeka akafuna chomwecho amalemba quaver pafupi ndi nambala ya liwiro. Ngakhale pamenepo mphamvu imakhalabe pa woyamba ndi pa wachinayi. Koma ya ku Balakayi wopeka wanena yekha, kadontho kali apo. Dzanja lanu, mwana wanga, lizipita pansi kamodzi, m'mwamba kamodzi. Pansi, m'mwamba. Lekani kujambula katatu kaja.

Pophunzitsa musayambe ndi mapepala. Aimikeni onse, aziponda kumanzere, kumanja, kamodzi pa sekondi, osayimba. Mapazi akakhazikika, pakamwa azinena taa-tai-tee pa phazi lililonse. Awa ndi mayina a nthawi amene Curwen anabwereka kwa Afalansa: taa ndi pulse yathunthu, taa-tai yogawika pawiri, tafatefe panayi, taa-tai-tee patatu. Kenako achotse t wa tai, azinena taa-ai-tee, ndiye d :- :d wanu ameneyo. Akatha izi apatseni mawu. Ndipeke mzere wanga kuti muone:

:Ti | ye :- :ni / to :nse :ti | yi :- :- / mbe :- :

Nenani mokweza mukuponda. Phazi likugwera pa ye, to, yi, mbe. Mwaona kuti ye, to ndi yi ndi pamene Chichewa chimakokera mwachibadwa, pafupi ndi mapeto a liwu? Wopeka wodziwa chinenero amaika mabiti pamenepo. Nyimbo yanuyo muiyese chimodzimodzi, mawu ake adzakuuzani okha ngati mwaika mizere pamalo pake.

Musaiwale s1 woyambirira uja. Ali pa kagawo ka 6 ka bar yopanda kanthu. Muwapatse bar yathunthu ndi dzanja, kenako pansi, m'mwamba, alowe pa tee wa biti yachiwiri. Makwaya ambiri amalowa mochedwa pamenepo, ndipo majaji amakhala atagwira kale cholembera.

Kwayamasitala wa ku Balaka:
Ndabweranso akuluakulu. Dzulo tinachita mmene munanenera, mapepala tinakonza, tinaponda mpaka fumbi kubuka m'tchalitchi. Ndime ziwiri zatitengera mphindi 3 ndi masekondi 20, ndipo asopulano akumaliza mzere ndi mpweya wotsala. Amayi ena a aluto akuti nyimboyi sakuizindikira. Zikomo kwambiri.

Koma patuluka ziwiri zatsopano zimene sizinkaoneka tikuyimba mokoka. Pa bar 21, powerenga mwatsopano, pali izi:

| s :- .f :m / r :- :d |

Akuyimba s f m ofanana, kadumphidwe kaja kakusowa. Ndikawauza, akumathamangitsa onse atatu.

Chachiwiri chili pa bar 33 ndi 34:

| d :- :r / - :m :- | f :- :m / - :r :- |

Apa kwaya imagawikana. Atena amalowa pa phazi lachiwiri, abesi amatsalira, ine dzanja limaima m'malere. Pa staff pali ma crotchet atatu opanda kadontho mu bar iliyonse. Kodi apanso wokopera analakwitsa?

Wa malipenga, Lilongwe:
Ayi, apo wakopera bwino. Tiyambe ndi bar 21. Pa staff imeneyo ndi dotted quaver, semiquaver, quaver. Kuti muione bwino, gawani biti yonse ndi notsi yaing'ono kwambiri imene ilimo. Biti imodzi ndi ma quaver atatu, omwe ndi ma semiquaver 6. s akutenga 3, f akutenga 1, m akutenga 2. Pamodzi 6. Oyimba anu akuchita 2, 2, 2. Muonepo kuti m sakusuntha, m'njira zonse ziwiri akuyambira pa kagawo kachisanu. Amene akusuntha ndi f yekha, akuchedwa ndi kagawo kamodzi. Ndiye musawauze kuti afulumire. Auzeni kuti akhalitse pa s, f angomukhudza podutsa.

Pa liwiro la 60, f ameneyo ali ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a sekondi. Palibe amene angawerenge zimenezo akuyimba. Tsitsani metronome pa 30 kapena 40, gulu lina liziomba m'manja timagawo 6 tonse, lina liziyimba pa 1, pa 4 ndi pa 5. Asinthane. Kenako muzikweza pang'onopang'ono mpaka 60.

Aphunzitsi opuma, Nkhoma:
Mu chinenero cha sol-fa, mukamenya ka 6 mwapang'onopang'ono, ndi taa, aa-tai, taa. Kadontho kamene kali pakati pa - ndi f kakugawa pulse yachiwiri pawiri, theka loyamba ndi la s amene akupitirira, lachiwiri ndi la f. Chenjerani kuti kadontho ka pa sol-fa ndi ka pa staff si kamodzi. Ka pa staff kamatalikitsa notsi, ka pa sol-fa kamadula pulse.

Wa ng'oma, Dedza:
Pepani akuluakulu, ine mapepala sindiwerenga, koma za bar 33 zija ndazimva nditaziomba pa tebulo pano. Zimenezo si zachilendo. Kumagule kwathu timachita tsiku ndi tsiku, ng'oma ina ikuyenda pawiri, manja a amayi akuomba patatu, onse n'kukumana pamodzi poyambira. Zili ngati amayi awiri pa mitondo yoyandikana, wina akusinja kawiri pamene mnzake wasinja katatu, misi n'kugwera limodzi, kusiyana, n'kudzagweranso limodzi.

Amayi, yesani pa ntchafu. Dzanja lamanzere pa 1 ndi 4. Lamanja pa 1, 3 ndi 5. Mukaphatikiza zimamveka chonchi: onse, lamanja, lamanzere, lamanja. Onse, lamanja, lamanzere, lamanja. Pakati pa onse ndi lamanja loyamba pali kampata, pambuyo pa lamanja lomaliza palinso kampata, atatu apakatiwo ndi otsatizana. Lamanzere ndi mapazi a kwaya, lamanja ndi pakamwa pawo. Mnzanga wa ng'oma wa ku Balakayo mumusiye, asasinthe kanthu pa ma bar awiriwo, azingoyenda pawiri pake. Kukoma kwake kuli pa kukokanako. Akatsatira oyimba ndiye kuti wazimitsa zimene wopeka anafuna.

Wa studio, Johannesburg:
Ndi zimenezo ndendende. M'mabuku amazitcha hemiola. Ma quaver akadali 6, liwiro lawo silinasinthe, kungoti pa ma bar awiriwo oyimba akuwamanga awiriawiri ngati 3/4 pamene pansi pakuyendabe 6/8. Chimene chikugwetsa atena ndi - amene ali pambuyo pa /. Phazi likugunda, koma palibe notsi yatsopano, r akungopitirira. Thupi limafuna kuyamba liwu pamene phazi lagunda.

Mphunzitsi wa Expressive Arts, Mchinji:
Ndayesa pa desiki mu staff room, anzanga akundiyang'ana. Ana anga amaomba zimenezi pa masewera a panja osaphunzitsidwa ndi munthu, koma ndikanawalembera pa bolodi akanati n'zovuta.

Kwayamasitala wa ku Balaka:
Nanga dzanja langa pa ma bar amenewo lizitani? Ndipitirize pawiri kapena ndisinthe ndimenye katatu?

Wa malipenga, Lilongwe:
Njira zonse ziwiri otsogolera amachita. Ngati magulu onse anayi ali ndi ma crotchet atatuwo, mukhoza kumenya katatu, kumenya kulikonse kukhale ma quaver awiri, ndiye dzanja lifulumira pang'ono koma bar ikhalabe masekondi awiri. Ngati gulu lina latsala pa 6/8, khalani pawiri. Onani mizere ya aluto ndi besi.

Kwayamasitala wa ku Balaka:
Sopulano ndi tena ndi amene ali ndi atatuwo. Aluto ndi besi ali ndi | d :- :- / s1 :- :- |. Ndiye kuti abesi anga samatsalira, amayimba zolondola?

Wa ng'oma, Dedza:
Abesiwo ndiye dzanja lamanzere lija. Wopekayo ng'oma amaidziwa.

Aphunzitsi opuma, Nkhoma:
Khalani pawiri, ndipo maso anu akhale kwa abesi ndi aaluto, asakokedwe. Asopulano ndi atena muwaphunzitse paokha kaye akuponda pawiri, kenako muwabweretse pamodzi. Ndipo musalole kuti liwiro litsike pamenepo. Oyimba akaona manotsi otalikirapo amayamba kukoka, ndiye pofika bar 35 mumapezeka mwatsika pa 50 osadziwa. Masekondi 8 owonjezera amene mwapeza dzulo aja, ena ndi a mpumulo wa pakati pa ndime, koma ena muwafufuze pamenepo.

Kwayamasitala wa ku Ntcheu:
Pepani ndalowa mochedwa, netiweki kuno ndi ya pa chulu. Ifenso tili mu mpikisano womwewu, ndipo pepala lathu ndi lomwelo la ma bar 96. Ife tinangodula ndime yachiwiri n'kuthamangitsako pang'ono. Achemwali a ku Balaka, kodi okonza mpikisano mwawauza? Ndikuopa kuti majaji adzagwira pepala la sol-fa lomweli, inu amene mwakonza n'kudzaoneka ngati mukuthamanga.

Wa malipenga, Lilongwe:
Majaji akhale ndi pepala lililonse, malire a mphindi 5 aja akuchitira umboni kuti amene anaika malamulo ankawerengera za pa staff. Koma kuwauza n'kofunika, makwaya a kumidzi ambiri alibe wowawerengera staff. Mulembe mwachidule: kamzere kakafupi kanatayika, ma bar ndi 48, ndipo 60 ndi ya ma pulse atatu. Pa pepala la sol-fa pakanayenera kulembedwa kuti nyimboyi imenyedwe kawiri mu bar.

Kwayamasitala wa ku Balaka:
Ndawaimbira alembi a komiti masana ano, akuti nditumize chithunzi cha mapepala onse awiri ndi limene takonza, akambirana Loweruka. Achimwene a ku Ntcheu, ndikutumizirani lokonzalo ku inbox, bwezerani ndime yachiwiri ija. Pa bar 40 pali mzere umodzi umene fotokope inadya, muuwonjezere ndi cholembera musanayambe kusintha enawo, apo ayi kuyambira pamenepo mudzasintha olakwika.